Ndege Yoikirira ya a Dokotala Boonlert

Inu, tasendezani mpandowo kuno, muitanitse khofi wina. Mwafunsa za a Dokotala Boonlert, ndipo mwafunsa munthu woyenera, chifukwa ine ndakhala nawo m'kalabu ya ojambula zithunzi muno mu Chiang Mai zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mano anga atatu anatsala m'manja mwawo. Mukakafunsa eni akewo akakuuzani kuti anapambana. Ndiye mverani kwa ine.

A Boonlert anazula anthu mano kwa zaka makumi atatu ndi zisanu. Taganizani bwino pamenepo. Zaka zonsezo munthu ukulankhula wekha, mnzako ali chagada, kukamwa yasa, thonje lili m'masaya, yankho lake n'kungoti "aaa." Munthu wotero akapuma ntchito amatuluka panja akukhulupirira kuti dziko lonse limagwirizana naye.

Atangopuma anagula kamera, n'kugulanso lenzi, lija diso la kamera lokokera zakutali, lalitali ngati mpope wa madzi, loti ukaliloza kuphiri la Doi Suthep umaona monke wa pakachisi akuyasamula. Mtengo wake akazi awo, mayi Lamduan, anauzidwa theka lokha, ndipo theka lomwelo linakwanira kuti m'nyumba musamveke mawu sabata yathunthu. Ndiye mukuganiza kuti munthu wa chida chotero angajambule maluwa ndi adzukulu ngati ife anthu wamba? Ayi ndithu! Iwo anasankha ndege zankhondo zakale. Chaka chisanathe anali wapampando wa kalabu, poti ndani angavotere wina pamene munthu wodziwa zonse za m'kamwa mwako wakhala pomwepo akukuyang'ana?

Tsono kunja kwa tauni, pakati pa minda ya mpunga, kuli kabwalo ka ndege kumene asilikali opuma ntchito amasungako ndege zawo zakale. Mwa zonsezo, yomwe inali kuulukabe inali imodzi yokha: yotuwa, ya mipando iwiri, ya chifani chachikulu pamphuno ndi nambala 27 kumchira. Ankaitcha Adona. Makaniko wake, a Inkaew, anali ataisamalira zaka makumi anayi ndi zisanu, ndipo zaka zitatu zapitazo anauza anzawo mosabisa kuti zipangizo za injini yake sizikupezekanso kulikonse, Adona auluke komaliza basi apume. Anasankha Loweruka lina mu Januwale. Pampando wakumbuyo anati adzakwezapo a Kaputeni Sawaeng, mkulu wa zaka 83 amene anaiyendetsa ndegeyo kumapiri nthawi ya nkhondo. Kenako anapempha kalabu yathu chithunzi chimodzi chachikulu, ndege ili m'mwamba, choti chidzapachikidwe m'shedi mwawo mpaka kalekale. Chilolezo cholowera mkati mwa mpanda anatumiza cha munthu mmodzi.

"Chilolezo chabwera chimodzi," anatero a Boonlert pamsonkhano wathu, "ndipo komiti yakambirana mozama n'kusankha ine."

"Komiti yake iti?" anafunsa a Thawat. Ameneyu ndi mkulu wogulitsa matayala, wa kamera yakale yomata ndi tepi, amene zithunzi zake zimatuluka bwino mokwiyitsa.

"Wapampando ndi mlembi."

"Mlembi si inu nomwe?"

"N'chifukwa chake sitinakangane."

A Thawat si munthu wa ndewu. Anangopukusa mutu n'kuti, "Chabwino, a Dokotala. Koma mundimvere ziwiri. Ndege imeneyo idzadutsa pafupi kwambiri, chimpope chanucho chidzakukulirani, mutenge lenzi yaifupi. Chachiwiri, kamera musaithamangitse, fani idzaima."

Pamenepa ndikuuzeni inu osadziwa. Kamera imaphethira ngati diso. Ikaphethira mwachangu kwambiri imagwira chilichonse chili chiimire, ndipo fani ya ndege imatuluka ili njo, ngati injini yazimira m'mwamba. Kwa ojambula ndege chimenecho n'chamanyazi kuposa kugwa buluku pamaliro.

A Boonlert anamwetulira ngati mmene ankamwetulira asanakubaye jakisoni. "A Thawat, zikomo kwambiri. Tayala likaphwa ndidzakufunsani."

Akuluakulu anati Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo. Koma akuluakuluwo sanali pamsonkhano.

Loweruka lija a Boonlert anafika pabwalo m'mamawa atavala ngati akupita kukalanda dziko la eni: chipewa cha khaki, chijekete cha matumba khumi ndi awiri, nsapato zoyera zatsopano, chimpope chija pachifuwa, makwerero opinda paphewa. Mayi Lamduan ankabwera pambuyo ndi dengu la mpunga womata ndi nkhuku yootcha, nkhope yawo ili ya munthu amene waonapo zambiri. A Inkaew anawalandira akupukuta manja ndi kansanza.

"A Dokotala, malo anu ndi awa, pafupi ndi ine. Apa Adona anyamukira pamaso panu, potera ateranso pamaso panu."

A Boonlert anayang'ana dzuwa ndi diso limodzi, n'kuyenda masitepe atatu chammbuyo, n'kupumira m'mwamba. "Apa kuwala n'kolakwika. Ine ndikaima kumapeto kwa msewu wa ndege, kuseri kwa mpanda, m'minda umo. Ikamanyamuka ibwera molunjika kwa ine."

"Kuseri kwa mpanda ngakhale galu akhoza kuimako," anatero mayi Lamduan. "Nanga chilolezo munalandiranji anzanu, bambo a Nok?"

"Mayi a Nok, za luso zisiyeni."

"Mphepo itembenuka cha m'ma naini," anatero a Inkaew. "Ndege imanyamuka moyang'anizana ndi mphepo. Ikatembenuka, Adona anyamukira mbali inayo."

"Mwaziona pati zimenezo?"

"Bondo langali."

"Ine ndaona pafoni," anatero a Boonlert, n'kunyamula makwerero awo.

Anatuluka pageti ndi chilolezo chili lende m'khosi, n'kuzungulira mpanda wonse wapansi. Kumeneko anapeza mayi wina wa chipewa chachikulu akuwokera mpunga, madzi ali m'maondo, njati yake yoweta ikudya udzu chapatali.

"Bambo, yendani pamzere woumawo," anatero mayiyo osadzutsa mutu. "Mbande zanga musaponde."

"Mayi, ndili pa ntchito ya mbiri ya dziko."

"Mbiriyo iyende pamzere wouma."

Vuto linali lakuti mzere woumawo unali wopapatiza, ndipo makwerero ali ndi miyendo inayi. A Boonlert anayesa uku, anayesa uko, kenako anaona kuti mayi uja wayang'ana kumbali, n'kuwaimika makwererowo m'ndime momwemo, pakati pa mbande. Anakwera mpaka pamwamba, n'kukhala mwachifumu, chimpope chitaloza kumsewu wa ndege. Mayi Lamduan anayala mphasa pansi pa mtengo n'kuvundukula dengu.

Naini itangokwana, kamphepo kamene kankawaomba kunkhongo kanayamba kuwaomba kumaso. Kutali injini inatsokomola, n'kutsokomolanso, n'kuyamba kubangula. A Boonlert anaongoka pamakwerero. Anaika diso pakamera, chala chili chire. Adona anatulukira, n'kubwera pang'onopang'ono cha kumene iwo anali, nafika kumapeto kwa msewu, natembenuka mwaulemu n'kuwalozetsa mchira. Kenako anathamanga kulowera mbali inayo n'kunyamuka. Fumbi ndi udzu wouma zokha ndi zimene zinabwera molunjika kwa a Dokotala.

"Bondo lawina," anafuula mayi Lamduan ali pansi pa mtengo, fupa la nkhuku lili m'manja.

Koma musawalirire msanga. Ndegeyo inakhota n'kubwerera, ndipo woyendetsa, pofuna kusangalatsa nkhalamba inali kumbuyo kwake, anaitsitsa pansi kwambiri pamwamba pa minda yomweyo. Inu! Chinthu chija chinabwera ngati chiphaliwali. A Boonlert anakweza chimpope, ndipo mmene anasuzumira mkati anangoona chitsulo chotuwa chadzaza diso lonse. Ndege anaisowa chifukwa inachuluka. Mantha atawagwira anapotokola kabatani kuti kamera iziphethira mwachangu zedi, n'kukanikiza chala osachotsa. Kamera inalira ngati makina osokera.

Ndege inadutsa kachiwiri. A Boonlert anadabwa kuona kuti mpanda wa bwalo wakwera pang'ono. Inadutsa kachitatu, mpanda unakweranso. Mpamene anayang'ana pansi n'kuona kuti masitepe awiri a makwerero apita kale kukaona makolo. Thope linali kumeza mwakachetechete, mosapupuluma, ngati munthu wodziwa kuti chakudya n'chake.

Nthawi yomweyo njati ija inafika. Sinali yaukali ayi. Inangokhala ndi poyabwa pamsana, ndipo m'dera lonselo munalibe chinthu china choimirira chodzikhulapo.

"Mayi! Mayi! Chiweto chanuchi!"

"Chili m'munda mwake," anayankha mayi uja. "Inu muli mwa yani?"

Ndege inali kubweranso, tsopano matayala atayamba kutuluka kuti itere. A Boonlert, dzanja limodzi pakamera, lina likukupiza chipewa pamphuno pa njati, anajambulabe, chifukwa kunyada sikudziwa nthawi yothawa. Njati inatsamira bwinobwino, n'kutseka maso chifukwa cha kukoma. Makwerero anapendekeka pang'onopang'ono, mwaulemu ndithu, ndipo wapampando wa kalabu yathu anagwa chagada m'thope, chubwi! Manja okha ndi amene anatsala m'mwamba atanyamula kamera ngati khanda la ufumu.

Mmene amadzuka, nsapato imodzi inali itasankha kukhala komweko. M'miyendo munali misundu inayi imene inayamba kale ntchito, ndipo malo amene anagwerapo panali chithunzi cha munthu wathunthu, manja ndi miyendo, chojambulidwa pa mbande zophwanyika. Mayi mwini munda anafika, anayang'ana mbande, anayang'ana a Dokotala, n'kuwapatsa mtolo wa mbande zina m'manja.

"Mbiri ya dziko yatha? Ndiye yambirani apa. Zitatuzitatu, molunjika."

Choncho pamene kubwalo anthu ankaomba m'manja, a Kaputeni akutsitsidwa m'ndege misozi ili m'masaya, a Inkaew akupsompsona mphuno ya Adona, munthu yekhayo amene anali ndi chilolezo chojambula zonsezo anali chowerama m'munda wa eni akuwokera mpunga mpaka dzuwa pamutu. Mayi Lamduan anagawana nkhuku yotsala ndi mwini munda, ndipo mpaka lero amayenderana.

Lolemba m'mawa a Boonlert anakhala pakompyuta mtima uli m'malo. Zithunzi zinalipo mazana asanu ndi limodzi, ndipo mwa zochuluka choncho, iwo anati, chimodzi chabwino sichingasowe. Anatsegula choyamba: phiko. Chachiwiri: phiko lomwelo. Kenako mimba ya ndege. Kenako mchira. Tayala. Mtambo wopanda kanthu. Khutu la njati. Zonse zinali zooneka bwino zedi, msomali uliwonse ukuwerengeka, koma ndege yathunthu panalibe ngakhale imodzi. Ndipo pamene mphuno inapezeka, fani inali njo, mipeni yake itatu ili chiimire ngati yapachikidwa pakhoma.

Mayi Lamduan anasuzumira paphewa pawo atanyamula tiyi. "Koma ndiye kubutchala! Apa mwendo, apa chiwindi. Mutu mwagulitsa kale?"

"Ndikuganiza."

"Imbirani a Thawat. Ndinawaona kumpanda ndi kakamera kawo."

Kuimbira wogulitsa matayala? A Boonlert anamva ngati awauza kuti akapemphe mchere kwa mkazi amene anam'kana. Ndege ija sidzaulukanso, a Kaputeni sadzakweranso, amonke anaitanidwa kale kudzadalitsa chithunzi pakatha masabata awiri. Anayang'ananso zidutswa zija, ndipo pamenepo m'mutu mwawo munabwera nzeru, ija imabwera kwa munthu pamene zenizeni zathawa. Kodi iwo sanakhale zaka makumi atatu ndi zisanu akudzaza m'kamwa mopanda kanthu? Dzino apa, dzino apo, munthu n'kutuluka akuseka ngati mnyamata. Ndege ndi chiyani poyerekeza ndi nsagwada?

Anatenga zithunzi zonse kupita nazo kwa mlamu wawo Pranom, mng'ono wa akazi awo, amene ali ndi situdiyo ya zithunzi za ukwati kuseri kwa msika. Mayi ameneyo, inu, ali ndi dzanja. Akwati ena akalandira zithunzi zawo amafunsa kuti mkazi wokongolayu ndani.

"Alamu, ndikufuna mundilumikizire ndege."

Pranom anayang'ana zithunzi zija nthawi yaitali. "Inagwa?"

"Siinagwe. Ndinaijambula mwatsatanetsatane."

Anayamba ntchito. Mimba anaika pakati, mphuno kutsogolo. Phiko linapezeka lakumanzere lokha, poti ndege inkakhotera mbali imodzi, ndiye Pranom analikopera n'kulitembenuza kuti likhale lakumanja. Mchira unajambulidwa ndege ikulowera kwina, anautembenuzanso. Tayala linapezeka limodzi lokongola kwambiri, ndipo a Boonlert anakana kulitaya. Za fani, Pranom anati njira yoonetsera kuti chinthu chikuzungulira ndi kuchichulukitsa, ndiye anawonjezera mipeni ina n'kuipaka kautsi.

Tsiku lachitatu a Boonlert anatuluka kukadya, ndipo pobwerera anapeza Adona akuwala ngati poto watsopano. Misomali yonse inali itachoka. Mizere ya oilo yochokera kuinjini inachoka. Tizigamba tisanu tachitsulo timene tinali m'mbali mwa mpando tinachokanso.

"Alamu, mwatani?"

"Ndayeretsa khungu. Mkwatibwi sapita pakhoma ndi ziphuphu."

A Boonlert anafuna kukana, koma atayang'anitsitsa anaona kuti n'zoona, zikuoneka zodula. Ndipo popeza thambo la tsiku lija linali lotuwa ndi utsi, Pranom anabwereka lina ku ukwati wa ku Hua Hin, lofiirira bwino, dzuwa likulowa, nkhunda ziwiri zili pakona.

Panatsala chithunzi chimodzi chimene chinali chozizwitsa zedi. Chimpope chija, pokanika kuona ndege, chinaona nkhope ya a Kaputeni Sawaeng. Mkuluyo anali atakankha chivindikiro chagalasi, mutu uli panja, akuseka ndi mtima wonse. Koma kukamwa kunali usinini wokhawokha, chifukwa akazi awo anawalanda mano oikirira asanakwere, kuopa kuti mphepo ingawaulutse. Pranom anachotsa makwinya, anadetsa tsitsi, anakweza masaya. Atafika pakamwa, a Boonlert anamugwira dzanja.

"Apa dzukani, alamu. Apa ndi panga."

Anakhala pampando masiku awiri athunthu. Dzino lililonse analiumba palokha, lakutsogolo, lachigayo, kutalika kwake, mthunzi wake, kampata kakang'ono kuti zioneke zachibadwa. Pa ntchito yonseyo, apa pokha ndi pamene munthu anagwira chinthu chimene amachidziwa.

Tsiku lovundukula linafika. Shedi inadzaza: asilikali akale ndi mamendulo awo, akazi awo, ife a kalabu, amonke asanu atakhala pamzere. Adona enieni anali pakona, atavekedwa nkhata ya maluwa pamphuno. Pakhoma panali chinsalu choyera chophimba chithunzi chachitali kuposa galimoto. Amonke anapemphera, wamkulu wawo anawaza madzi, a Boonlert analankhula mphindi makumi awiri za kuleza mtima kwa wojambula, kenako anakoka chingwe.

Kunali zii. Munthu wina anayamba kuomba m'manja, n'kuzindikira kuti ali yekha, n'kusandutsa kuombako kukhala kupha udzudzu.

A Inkaew anayandikira, manja kumbuyo, n'kuyenda kuchokera kumphuno mpaka kumchira.

"A Dokotala, ndege iyi ndi ya dziko liti?"

"Ndi Adona."

"Adona anga ali ndi mipeni itatu pamphuno. Apa ndawerenga isanu ndi iwiri. Inayi inayo anabala liti?"

"Ndi kuthamanga kumeneko."

"Nambala yakumchira ikuwerengeka chammbuyo, ngati ya ambulansi. Mawu olembedwa paphiko ili nawonso ali chammbuyo. Ndipo akuuluka ndi tayala limodzi. Atera bwanji?"

"Za matayala akanandifunsa," anatero a Thawat chapansipansi, koma shedi imakweza mawu.

"Nanga apa pansi," anafunsa mayi wina wa magalasi, "si nyanja iyi? Chiang Mai yapeza liti nyanja?"

Inalidi nyanja, kamzere kakang'ono kamene Pranom anaiwala kudula. Monke wamng'ono pa onse anaphimba kukamwa ndi mkanjo, mapewa akugwedezeka. Kuseka kunayamba kumbuyo n'kumabwera kutsogolo ngati moto wa tchire. A Boonlert anaima chilili, khutu lililonse likutentha palokha, akufunafuna mawu onena za ufulu wa luso.

Koma a Inkaew sankaseka. Anali ataima pafupi ndi mpando wakumbuyo wa ndege ya pachithunzi, chala chili pamalo osalala aja.

"Zigamba zanga zili kuti?"

Kuseka kunatha.

"Panali zigamba zisanu apa," anatero mkuluyo. "Tsiku limene a Kaputeni anabwerera kuchokera kumapiri, ndege inali itabowoledwa ndi zipolopolo malo asanu, mwendo wawo ukutuluka magazi. Ndinali mnyamata. Ndinadula chitsulo ndekha, ndinakhoma ndekha. Zimenezo ndi zimene ndimaonetsa adzukulu anga akabwera kuno. Mwazichotseranji?"

Inu, ndawaona a Boonlert akukangana ndi apolisi a pamsewu, ndi akazi awo, ngakhale ndi madokotala anzawo, koma tsiku limenelo kukamwa kwawo kunali yasa ngati kwa odwala awo. Anavula chipewa. Anaphatikiza manja n'kuwakweza mpaka pamphumi, n'kuwerama pamaso pa makaniko.

"Ndalakwa, a Inkaew. Ndege yathunthu sindinaijambule. Ndinachita kuikirira. Munandionetsa poima, ine ndinakana."

Kenako anatembenuka, ndipo apa ndi pamene panawawa kuposa msundu. "A Thawat... kodi kumpanda kuja munapezako kanthu?"

A Thawat anapita kugalimoto yawo n'kubwera ndi envelopu. Munali Adona enieni, atapendekeka pamwamba pa minda, fani ili mbuu ngati nkhungu, oilo ali mbali yonse, zigamba zisanu zikuwerengeka. A Inkaew anagwira chithunzicho ndi manja awiri n'kupita nacho pakona pamene panali ndege yawo. Anthu onse anawatsatira. Ndi chimenecho chimene anachikulitsa, ndipo ndi chimene chili pakhomapo lero.

A Boonlert anaona kuti mpata wothawira ndi womwewu. Ananyamula chikwama n'kuyamba kuzemba cha kukhomo, koma asanafike, chogwirira cha ndodo chinawakola pamkono. Anali a Kaputeni Sawaeng. Mkuluyo sanapite kukaona chithunzi cha a Thawat. Nthawi yonseyi anali ataima pansi pa ndege yoikirira ija, khosi lili m'mwamba.

"Iwe dokotala, bwera kuno. Mnyamata uyu ndani?"

"Ndi... ndinu, a Kaputeni. Pepani kwambiri, tichotsa."

"Uchotse chiyani? Mayi, tabwerani mudzaone! Si ine uyu chaka chimene ndinakufunsirani?"

Akazi awo anafika, anakonza magalasi, anayang'ana. "Tsitsi ndi lanu. Koma mano otere simunakhalepo nawo. Anu anali ngati mpanda wa mbuzi."

"Ndiye ndakhala nawo tsopano!" A Kaputeni anamenya ndodo pansi. "Dokotala, ndege yakoyi ngakhale satana sangakwere. Koma nkhope iyi undidulire, uikulitse, uiike m'felemu yagolide. Tsiku la maliro anga ndikufuna imeneyi iime pafupi ndi bokosi. Ana anga anasankha kale chithunzi china, ndikuoneka ngati kamba wodwala. Anthu abwere adzaone amene wamwalira."

Mawu amenewo anamveka kwa nkhalamba zina. Mmodzi anabwera, wa mamendulo mpaka pamimba, n'kunong'ona kuti nayenso chithunzi chake cha maliro sichili bwino. Wina anafunsa ngati tsitsi lingabwezeretsedwe lonse kapena theka. Pomafika nthawi ya chakudya, a Boonlert anali atazunguliridwa ndi asilikali akale khumi ndi mmodzi, aliyense akuwaonetsa usinini. Munthu amene analowa m'shedimo ngati katswiri wa ndege anatulukamo ndi ntchito ina, ndipo poti anali atangochita manyazi pamaso pawo, sakanatha kukana ngakhale mmodzi.

Mbiri inafala. Pranom anagula kompyuta yachiwiri. Lero maliro aulemu m'dera lino amadziwika ndi mano: ukalowa pakachisi n'kuona womwalira akuseka ngati wotsatsa mankhwala otsukira m'kamwa, umadziwa kuti a Dokotala anadutsapo. A Kaputeni eni ake akadali moyo, ali ndi zaka 86, chithunzi anachipachika pabalaza ndipo akuti sakufulumira, chifukwa akufuna achione mokwanira.

Koma ntchito iliyonse ili ndi mthunzi wake. Mwezi wathawu a Boonlert anabwera kwathu masana, kamera ili m'khosi, kudzangondionetsa lenzi yaifupi imene agula. Tinamwa tiyi pakhonde, anandijambula kamodzi poyesa anansi akuona, n'kumapita. Sipanathe ola. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anafika ndi poto wa phala, maso ali ofiira, n'kukumbatira mkazi wanga. Kumbuyo kwake kunali mwamuna wake, chipewa chili m'manja. Anandigwira paphewa, anandiuza kuti ndakhala mnansi wabwino, kenako anayang'ana cha kukhonde n'kutsitsa mawu.

"Achimwene, pepani kufunsa nthawi ngati ino. Njinga yamoto ija mwalonjeza kale munthu?"